Tebulo Lodzaza la Mayi Sikelo

Kuntchito ankamutchula kuti Mayi Sikelo, chifukwa sankakhulupirira chinthu chosayeza. Ukamuuza kuti pulogalamu yayamba kuthamanga, ankangofunsa kuti, "Mwayeza?" Ukati ayi, ankatembenukira kompyuta yake ngati wayankhula ndi mphepo. Dzinalo ankalidziwa, ndipo kunena zoona, ankalikonda.

Kampani yawo inali yaing'ono, chipinda chimodzi chachitali pamwamba pa sitolo ya matayala. Ankalemba pulogalamu ya timakina ta m'manja timene anthu a m'nyumba zosungira katundu amawalitsa pa makatoni kuti adziwe zimene zalowa ndi zimene zatuluka. Tsono timakinato tinali titayamba ulesi. Munthu ankawalitsa katoni, n'kuima, n'kukanda m'mutu, kenako kamakina n'kulira kuti tii. Malole ankadikira panja, madalaivala ankatukwana, ndipo kasitomala wamkulu ankaimbira abwana foni m'mawa uliwonse asanavule n'komwe jekete.

"Mayi, tipezereni chimene chikutibera nthawi," anatero abwana. "Ine ndatopa n'kupepesa."

Pulogalamu ili ngati khamu la anthu otumana. Kachigawo kalikonse, kamene a ntchitoyi amati fankishoni, kali ndi ntchito yake imodzi, ndipo kakafuna chinthu kamaitana kanzake, kanzakeko n'kuitananso kena. Kuti udziwe amene akuchedwetsa anzake, uyenera kuika mlonda pakhomo woti azilemba kuti waitana ndani, waitanidwa ndani, kangati, ndipo anakhalitsa bwanji. Sikelo analemba mlonda woteroyo n'kumutcha kalondolondo.

Vuto linali malo osungira zolembazo. Kamakina ka m'manja kali ndi memore yochepa, ndipo pulogalamu yeniyeniyo inali itadya pafupifupi yonse. Atafinya apa ndi apo anapeza mabayiti 65,536, timiyezo tating'ono ta malo a m'memore. Anawagawa kukhala tebulo la tizipinda, kalikonse ka mabayiti 16: anayi a woitana, anayi a woitanidwa, anayi owerengera maulendo, anayi a nthawi. Tinatuluka tizipinda 4,096. Kenako anawerenga mafankishoni onse a m'pulogalamu, n'kupeza kuti angopitirira 3,000 pang'ono.

"Malo ndi ambiri, mpaka otsala," anadziuza yekha.

Atafika polemba zoti kalondolondo achite tebulo likadzaza, anangomuuza kuti azidutsa mwakachetechete. Kulemba chenjezo la chinthu chimene sichingachitike anakuona ngati kutaya nthawi.

Pakampanipo pankagwiranso ntchito mwamuna wa mng'ono wake. Anamubweretsa ndi Sikelo yemweyo, mwamunayo atakhala nthawi yaitali pakhomo wopanda ntchito, mkazi ali ndi mwana wakhanda. Anali akadali pa miyezi yoyesedwa. Anali munthu wamtali, wofatsa, wokonda kupepesa ngakhale kwa mpando akaugunda. Ofesi yonse inkamutchula kuti Mlamu, ngakhale abwana, ngakhale mayi wosesa. Dzina limeneli Sikelo ankalimva ngati minga. Tsiku lina ali kuseri kwa chitseko anamva Wandevu, mnzawo wa nthabwala zosatha, akuuza anzake kuti, "Ameneyo ndi khoswe wa pamkhate. Mukaponya mwala muswa mbiya ya Mayi Sikelo."

Ndiye pamene zotsatira za kalondolondo zinatuluka, mafankishoni asanu a pamwamba onse ali olembedwa ndi Mlamu, Sikelo sanamve chisoni. Mumtima munachita kuti myaa. Apa panali mpata woonetsa anthu kuti sikelo yake siyang'ana chibale.

Akanatha kumuitanira pambali. Iye anadikira msonkhano, nazionetsa pa sikirini yaikulu anthu onse ali phee.

"Nthawi ikuthera apa," anatero akuloza ndi cholembera. "Magawo 80 pa 100 alionse. Zonsezi ndi za mbali yokweza mndandanda wa katundu kamakina kakayatsidwa."

"Analemba ndani mbali imeneyo?" anafunsa abwana, ngakhale ankadziwa.

Mlamu anakweza dzanja pang'ono ngati mwana wa sukulu. "Ndine, bwana. Koma alamu, mbali yangayo imagwira ntchito poyamba pokha. Sindikumvetsa kuti..."

"Kuno kulibe alamu," anamudula Sikelo. "Ine sindikunena kanthu, akunena ndi manambala. Khodi imene munalembayi ikuyenda ngati kamba wothyoka mwendo."

Anthu anaseka. Wandevu anamenya patebulo. Mlamu nayenso anayesa kumwetulira, kenako anayang'ana zala zake mpaka msonkhano unatha. Masana omwewo abwana anamuuza kuti ayambe wakhala kunyumba, za ntchito yake adzagamula mwezi ukatha. Aliyense ankadziwa tanthauzo la mawu otero. Mlamu anatenga kapu yake ndi tchaja, natsika masitepe mosamala, kuopa kusokoneza ogwira ntchito.

Foni ya mng'ono wake inalira Sikelo ali m'basi yobwerera kwawo.

"Achemwali, ndamva. Kodi n'zoona?"

"N'zoona. Ndinayeza."

"Sindikufunsa za kuyeza. Ndikufunsa ngati n'zoona kuti munawatchula kamba pamaso pa anthu."

"Iwe, ntchito ndi ntchito. Ukufuna ndiziphimba zolakwa chifukwa ndi mwamuna wako? Mawa anthu adzati chiyani za ine?"

"Za inu," anatero mng'onoyo. Kumbuyo kunkamveka mwana akulira. "Chabwino, achemwali. Anthu akuonani. Mugone bwino."

Masiku otsatira Sikelo analembanso yekha mbali ya Mlamu. Polemba ankaona kuti khodiyo siinali yoipa kwenikweni. Inali yotalika, ya munthu wamantha amene amatseka chitseko kawiri, koma yaukhondo. Zimenezi anazikankhira kumbuyo kwa mutu. Atamaliza anaika pulogalamu yatsopano m'kamakina koyesera, nalowetsamo makatoni a tsiku lathunthu monga amachitira kwa kasitomala, natenga katoni yopanda kanthu imene ankayesera muofesi. Anawalitsa.

Kamakina kanakhala chete. Anawerenga mumtima. Kenako, tii.

Ulesi uja unali womwewo, osasintha ngakhale pang'ono.

Anayendetsanso kalondolondo. Pamwamba panatulukanso mbali yomweyo yokweza mndandanda, imene tsopano inali yake. Apa m'pamene anachita chinthu chimene anayenera kuchita tsiku loyamba: anaphatikiza nthawi yonse yolembedwa m'tebulo, naiyerekeza ndi nthawi imene kamakina kanakhala kakugwira ntchito. Ya m'tebulo inali kachidutswa chabe. Nthawi yambiri sinalembedwe paliponse.

Anatsegula tebulo lenilenilo, osati chithunzi chokongola cha pamsonkhano. Anatsika mpaka pansi. Kachipinda komaliza kanali ndi zolemba. Anakwera pang'ono, anatsikanso. Tizipinda tonse 4,096 tinali todzaza, popanda kotsala ngakhale kamodzi.

Sanafune womufotokozera, chifukwa tebulolo analimanga yekha. Kachipinda sikasunga fankishoni imodzi. Kamasunga awiri, woitana ndi woitanidwa. Fankishoni imodzi ikamaitanidwa kuchokera m'malo makumi anayi, imadya tizipinda makumi anayi. Iye anawerenga anthu pamene anayenera kuwerenga maulendo a pakati pawo. Kamakina kakangoyatsidwa, mbali ya Mlamu ndi imene inkayamba, ndipo pokweza mndandanda inkaitana uyu ndi uyo mpaka tebulo n'kudzaza, katoni yoyamba isanawalitsidwe n'komwe. Onse obwera pambuyo ankapeza malo atatha, ndipo kalondolondo ankawadutsa mwakachetechete, monga momwe mwini wake anamulamulira. Mlandu wa Mlamu unali umodzi wokha: kufika msanga pakhomo.

"Mayi Sikelo, mwaona mzukwa?" anafunsa Wandevu akudutsa ndi tiyi.

"Pitani," anayankha osatembenuka.

Anachotsa zithunzi ndi mawu a zinenero zina m'kamakina koyesera kuti apeze malo, nakulitsa tebulo kanayi, kufika pa tizipinda 16,384. Nthawi ino analembanso chenjezo loti tebulo likadzaza kalondolondo akuwe. Atayendetsa, tizipinda toposa 11,000 tinadzaza, ndipo pamwamba panakhala dzina limodzi lokha, litasiya ena onse kutali.

Analidziwa asanamalize kuliwerenga. Inali fankishoni yoona ngati katoni yawalitsidwa kale. Inkayamba pa katoni yoyamba ya tsikulo n'kumayang'ana imodzi imodzi mpaka yomaliza, ndipo pa kuwalitsa kumodzi inkaitanidwa kuchokera m'malo asanu ndi awiri. Anailemba yekha kampani ikungoyamba, makasitomala ali ndi makatoni owerengeka. Palibe anaikhudzapo chiyambire. Ndani akanayerekeza kukayikira khodi ya Mayi Sikelo?

Anapita kuchimbudzi, nadzitsekera, nakhala pa chivundikiro. Sanalire. Ankangomva makutu akutentha, mawu aja a kamba akubwerera m'mutu ndi kamvekedwe kake kenikeni, ndi mmene anaimira kaye pang'ono kuti anthu aseke bwino.

Atatuluka anagogoda kwa abwana nawafotokozera zonse, mwachidule, maso ali pa kalendala ya pakhoma. Abwana anavula magalasi n'kutikita m'maso.

"Mungathe kukonza?"

"Lero lomwe, bwana."

"Ndiye konzani, basi. Tonse timalakwitsa."

"Nanga Mlamu?"

"Mayi, madzi akatayika saoleka. Kasitomala ndinamuuza kale kuti tapeza vuto ndipo munthu wake tamuchotsa. Ndikamuimbirenso kuti pepani, tinachotsa wolakwika, wolakwa weniweni ndi katswiri wathu uja? Mukufuna atithawe?" Anavalanso magalasi. "Ndipo kunena mosabisa, mnyamatayo ndinamulemba chifukwa cha inu. Ndikukutetezani apa. Khalani chete, palibe adzadziwe."

Sikelo anati, "Chabwino, bwana." Anadzimva yekha akunena mawuwo, ndipo anatuluka bwinobwino ngati munthu wolandira mphatso.

Kukonzako sikunatenge nthawi, ndipo chimenecho chinamupwetekanso. Anasintha kasungidwe ka makatoni kuti fankishoni izipita molunjika pamalo a katoni imene ikufuna, osati kuyendera onse. Dzuwa lisanapendeke anawalitsa katoni ija, ndipo kamakina kanalira dzanja lisanatsike. Anawalitsanso. Tii. Tii. Tii. Anthu anadzuka m'mipando n'kumuzungulira. Wina anamulanda kamakinako n'kumawalitsa chilichonse, botolo la madzi, paketi ya shuga. Anayamba kuwomba m'manja.

"Mwaona?" anakuwa Wandevu. "Kungochotsa kamba, mpikisano wayamba! Mayi Sikelo, ine ndinkakunenani kuseri, lero ndalapa. Munthu wodula m'bale wake chifukwa cha ntchito, ameneyo ndi munthu."

M'manja munawombedwanso. Abwana anali ataima pakhomo la ofesi yawo akumwetulira. Sikelo anayang'ana desiki ya Mlamu. Wina anali ataikapo kale makatoni a mapepala.

"Sanali iye," anatero.

Phokoso linali lalikulu, ndi Wandevu yekha amene anamva. "Mwati?"

"Ndati sanali iye." Anaimirira, mpando n'kugunda khoma. "Tebulo la kalondolondo ndinalichepetsa. Ndinawerenga mafankishoni m'malo mowerenga oitanana. Linkadzaza kamakina kakangoyatsidwa, ndiye linkaonetsa mbali ya Mlamu yokha. Imene inkachedwetsa ndi fankishoni yoona makatoni obwereza. Ndinalemba ndine. Khodi ya Mlamu inalibe vuto, ndipo ndiibwezeretsa."

Pansi, kusitolo ya matayala, wina ankamenya chitsulo. Amene anali ndi kamakina uja anakaika patebulo pang'onopang'ono ngati kangaphulike.

"Koma mwayeza?" anafunsa Wandevu motsitsa mawu. Palibe anaseka, ndipo iye mwini anayang'ana kumbali.

Abwana anamuitanira mkati n'kutseka chitseko mwamphamvu. Anayankhula nthawi yaitali za ulemu, za kumvera, za anthu amene amatentha nyumba pofuna kupha nsikidzi. Sikelo anangoima manja ali kumbuyo. Pomaliza abwana anakhala pansi atatopa.

"Mwandimanga manja. Ofesi yonse yamva, ndingamuchotse bwanji tsopano? Abwere Lolemba, amalize miyezi yake. Koma kasitomala mukamufotokozera ndinu, ndipo mlamu wanuyo mukamuuza nokha. Ine sindiimba foni."

Loweruka m'mawa anakwera basi kupita kwa mng'ono wake. Ankakhala m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba yaikulu, mpopi uli panja. Anapeza mng'onoyo atawerama pa beseni akuchapa, mwana ali kumsana.

"Tilowe?" anatero Sikelo.

"Chitseko n'chotsegula," anayankha mng'onoyo osaweramuka.

Mlamu anali pabalaza, laputopu yakale ili pamiyendo, mawaya ali mbwee pansi. Ndevu zinali zitamera. Ataona mlendo anadzuka msanga mpaka kutsala pang'ono kugwetsa laputopuyo, nachotsa matewera pampando.

"Alamu! Khalani apa. Mwachita bwino kubwera, ndimafuna kukuimbirani koma ndimachita manyazi." Anatembenuza sikirini kuti aone. "Ndakhala ndikuifufuza khodi ija chichokereni. Poyamba sindinkaona kanthu, ndinkangoti mwina mutu wangawu ndi wouma. Koma ndikuganiza kuti ndapeza. Onani apa, ndimatsegula fayilo kawiri. Mwina ndi pamenepa. Ndalembanso yonse. Sindikupempha ntchito ayi, ndikungofuna muone kuti ndaphunzirapo kanthu. Munandilowetsa ndinu, ine n'kukuchititsani manyazi."

Sikelo anayang'ana pa sikirinipo. Kutsegula fayilo kawiri kumeneko sikukanachedwetsa ngakhale kuphethira kwa diso. Munthuyu anakhala masiku onsewa akukumba pansi pouma kufuna mlandu wake, chifukwa choti iye ananena kuti ulipo. Akanakonda atamupeza wokwiya. Akanakonda atamutukwana.

"Alamu, tsekani laputopuyo."

"Ndalakwitsanso?"

"Tsekani kaye."

Anamuuza zonse, tizipinda, oitanana, chenjezo limene sanalembe, fankishoni ya makatoni obwereza. Sanakhale pampando uja. Ali mkati mofotokoza anazindikira kuti kuchapa kwasiya kumveka panja, ndipo mng'ono wake waima pakhomo, thovu likudontha m'manja.

Mlamu anaika chikhatho pa laputopu yotseka.

"Tizipinda munaika tingati?" anafunsa.

"4,096."

"Tinafunika tingati?"

"Toposa 11,000."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndiye kuti tsiku lija ndinkanena zoona."

"Munkanena zoona."

"Ine ndinafika pokhulupirira kuti ntchito imeneyi si yanga. Dzulo ndinapita kukafunsa kwa amene amakonza mafoni pamsika, ngati akufuna wothandiza." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Anati ndine wamkulu kwambiri."

"Abwana akuti mubwere Lolemba. Ofesi yonse ikudziwa, ndinanena pamaso pa onse."

"Za kamba munanenanso?" anafunsa mng'ono wake ali pakhomo pomwepo.

"Ayi. Zimenezo sindinanene."

"Ndimadziwa."

Mlamu anayang'ana mkazi wake, kenako mwana amene anali atagona kumsana, kukamwa kuli yasa. "Ndibwera," anatero. "Sindingakane ntchito chifukwa cha mtima, mwanayu sadya mtima. Koma ndipempha abwana kuti khodi yanga aziyang'ana munthu wina. Musakhumudwe, alamu. Ndikaona inu mwaima kumbuyo kwanga, manja azinjenjemera."

"Ndamva," anatero Sikelo.

Anatuluka panja. Mng'ono wake anali atabwerera pa beseni, akulimbana ndi bulangeti lalikulu lonyowa limene munthu mmodzi sangalifinye. Sikelo anaima pambali ndi chikwama chake, osadziwa ngati atsanzike kapena adikire kuthamangitsidwa.

"Mwangoima bwanji? Gwirani uko."

Anaika chikwama pawindo nagwira mbali ina ya bulangetilo. Mng'onoyo anayamba kupotokola, mwamphamvu kuposa mmene bulangeti limafunira, milomo ataluma, maso ali pa mkulu wake. Madzi a sopo anatsika ngati mpopi, n'kuthira siketi ya Sikelo, n'kudzaza nsapato zake zakuofesi. Iye sanasunthe phazi. Anangogwiritsa, napotokolera mbali yake.